Dzino la Mwana wa a Kapitawo

Fungo la chiguduli chonyowa mpaka lero limandiziziritsa nkhongono. Anthu amandiseka ndikanena zimenezi, koma ine sindinama ayi. Ndikangodutsa pamene ayanika matumba ovumbwa, mtima umabwerera ku chigafa chakale cha fodya, kumunsi kwa minda ya tiyi kwathu ku Thyolo, m'nyengo ina ya chiperoni ndili mnyamata. Fodya anali atasiya kulima kalekale, azungu atadzala tiyi paliponse, ndiye chigafacho chinangotsala chokha pakati pa mabulugama, denga lake likudontha mbali imodzi. M'menemo ndi mmene a Namakhwa ankatiphunzitsa nkhonya Lamulungu lililonse dzuwa likapendeka.

A Namakhwa anali Mlomwe mnzathu, koma anakhalitsa ku Halale, ndipo nkhonyazo anakaziphunzira kumeneko. Anabwerako ndi mphuno yophwanyika, khutu limodzi lofufuma ngati bowa, ndi jekete lakuda limene ankangolivala pa maliro. Analibe mkazi, analibe mwana. Pa esiteti ankadula nkhuni za ku fakitale, ndipo kanyumba kawo kanali kotsiriza pa mzere wathu, kufupi ndi khwawa. Sankakalipa, ndipo chimenecho ndicho chinkatiopsa kwambiri, chifukwa munthu wokalipa umadziwa kuti akatopa aleka. Iwo ankangokuyang'ana, osaphethira, mpaka iwe wekha n'kuyamba kukumbukira zoipa zako zonse, ndi zimene iwo sakuzidziwa zomwe.

Musaganize kuti tinkangofika n'kuyamba kuswana mitu. Ha, kukanakhala kotero bwenzi kuli kophweka. Usanalowe m'chigafa unkayamba watsikira kukhwawa kukasamba m'manja ndi kumapazi, madzi ake ozizira ochita kuluma, kenaka n'kudzagwada pakhomo ndi kuomba m'manja mpaka iwo atati lowa. Madzi akumwa ankayamba ndi wamng'ono, wamkulu pambuyo, zimene kwa ife kunali kutembenuza dziko. Milungu yoyamba sitinkamenya kanthu n'komwe, tinkangophunzira kuima ndi kusuntha mapazi, kutsogolo, kumbuyo, m'mbali, mpaka akatumba kuwawa. Mnzako wolimbana naye unkamupatsa moni ndi manja awiri, musanayambe ndi mutatha. Akagwa unkabwerera m'mbuyo manja kumsana, ndipo woseka munthu wogwa ankakakhala panja pa mvula atafulatira chigafa mpaka tonse titaweruka.

Zovala m'manja zathu ankasoka okha ndi ziguduli, n'kuzipakira nsanza ndi thonje. Tikatha zinkatsala pamsomali, ndipo ankati mkwiyo nawo uzitsala pomwepo. Mnyamata wina, wamphamvu kutiposa tonse, anamenya mlongo wake kunyumba chifukwa cha chinangwa chootcha. Lamulungu lotsatira anagwada pakhomo, anaomba m'manja mpaka zikhatho kufiira, koma mawu oti lowa sanamveke, ndipo sanadzamvekenso.

Koma lamulo limene tinkaliopa kuposa onse linali la magazi. Ukamutulutsa mnzako magazi, kaya m'mphuno kaya pamlomo, unkamutsuka wekha kukhwawa, n'kumuperekeza mpaka kwawo. Kumeneko unkagwada pamaso pa makolo ake ndi kunena ndi pakamwa pako kuti wachita ndiwe. Ena ankabwerako atakokedwa makutu, ena atapatsidwa mbatata yootcha, zinkatengera mtima wa mayi wake wa mwanayo. A Namakhwa ankati munthu wodziwa kuvulaza ayenera kudziwanso njira ya kwawo kwa amene wamuvulazayo.

Kuti mumvetse mantha anga, ndiyenera kunena za pamene tinkakhala. Bambo ndi mayi anachita kuwoloka mtsinje wa Ruo kuthawa Apwitikizi, ine ndili kumsana. Malo amene tinamangapo nyumba sanali athu, ngakhale nthochi zimene mayi anadzala kuseri sizinali zathu kwenikweni. Zonse zinali za mzungu, ndipo tinkalipira ndi thangata, bambo kugwira ntchito m'tiyi miyezi imene mzunguyo wafuna. Mzungu mwini wakeyo tinkangomuonera patali ali pa kavalo. Amene tinkawadziwa ife anali a kapitawo, bambo wamtali wa chipewa cha khaki ndi kandodo ka nsungwi, amene akangoloza nyumba ndi kandodoko, nyumbayo inkasasulidwa. Ndinaonapo ndi maso angawa. Banja lina la pa mzere wathu linakhala m'mbali mwa msewu ndi miphika yawo ndi nkhuku zomanga miyendo, mvula ikuwathera pathupi, ndipo palibe anayerekeza kuwaitanira pakhonde. Ife tinalibe kwina kopita. Kubwerera kutsidya kunali kubwerera ku chikoti chimene makolo anathawa.

Ndiye tsiku lina, tiyi atayamba kumudulira, minda yonse ili mbuu ndi nkhungu, pakhomo pa chigafa panagwada Yotamu, mwana wa a kapitawo. Anali msinkhu wanga, wonenepa pang'ono, wovala malaya a mabatani pamene ife tinali ndi kansalu ka m'chiuno basi. Tonse tinkayembekeza kuti a Namakhwa amubweza mwaulemu, koma iwo anangomufunsa ngati wasamba m'manja, ndipo atavomera anamuuza kuti alowe.

Mayi atamva anandigwira pamkono mpaka zikhadabo kulowa. Anandiuza kuti nkhuyu zodya mwana zimapota wamkulu, ndipo ngati ndikufuna kuona azing'ono anga akugona kumsewu, ndikangomukhudza mwana ameneyo. Anafuna kundiletseratu kupitako. Koma bambo, amene sankayankhula kawirikawiri, anati kusiya pa nthawi imene mwana wa a kapitawo wayamba kungaoneke ngati tikumusala, ndipo nakonso n'kupalamula. Mwauonatu moyo wake umenewo. Kupita kunali koopsa, kusapita nakonso kunali koopsa.

Anzanga nawo anauzidwa zomwezo kwawo. Choncho Yotamu anasanduka chiphona. Akangotambasula dzanja, mnyamata ankagwa chagada ngati wagundidwa ndi ng'ombe, ena kugweratu nkhonya isanafike n'komwe. Ine ndinali katswiri pa kagwedwe kameneko, ndinkachita kubuula ndi kugwira nthiti. Poyamba Yotamu ankakondwa, ankayenda chifuwa chili patsogolo. Patapita milungu ingapo kukondwako kunatha. Ankangovula ziguduli zija n'kukakhala payekha pakona, ndipo poweruka panalibe woyenda naye.

A Namakhwa anapirira nazo mpaka zinawakwana. Tsiku lina nditangogwa kumene, anandiyandikira n'kuima pamutu panga. Ndinkaona zala zawo za kumapazi, zong'ambikang'ambika ndi kuzizira, ndipo ndinalakalaka nthaka itandimeza. Kenaka anatikhazika tonse pansi.

"Kugwa dala n'kutukwana," anatero. "Mukumuuza mnzanuyu kuti si munthu woti n'kulimbana naye. Mukanamulavulira bwenzi ndikuti bola. Muno mulibe mwana wa kapitawo, mulibe mwana wa wathangata. Wofuna kunama atuluke lero lomwe, asadzagwadenso pakhomo panga."

Palibe anatuluka. Ndiye anati Lamulungu likudzalo Yotamu adzalimbana ndi ine, ndipo maso awo adzakhala pa mapazi anga.

Mlungu umenewo chakudya sichinandikomere. Masana ana tinkazula udzu pakati pa zitsa za tiyi wodulidwa, zala zitauma ndi chisanu, utsi wa ku fakitale ukukwawa pansi ndi fungo lake la masamba ofota, koma ine mutu uli pa Lamulungu basi. A kapitawo akadutsa kumapeto kwa mzere ndinkawerama mpaka mphuno kutsala pang'ono kugunda dothi. Kunyumba mayi ankaphika kalongonda, nyemba zija zofuna kuwiritsa ndi kutaya madzi tsiku lonse, ndipo ine ndinkakhala pafupi ndi moto kuyang'ana azing'ono anga awiri akulimbirana chipande, m'maganizo ndikuwaona ali kumsewu. Mayi sindinawauze. Ndinaganizapo zonamizira malungo, ndinaganizapo zodzitema ndi khasu kuphazi. Koma chigafa chija chinali malo okhawo pa esiteti yonse pamene munthu wamkulu ankanditchula dzina langa, Layisoni, osati iwe kamwana iwe, ndipo kuchitaya kunkandiwawa kwambiri. Akulu amati mapanga awiri avumbwitsa. Ine ndinanyamuka Lamulungu lija ndisanasankhe phanga ngakhale limodzi.

Tsikulo chiperoni chinali chikuwaza kuyambira m'mawa. Ziguduli zinali zolemera ndi chinyezi, ndipo a Namakhwa anandimanga zingwe zake m'mikono. Popatsana moni wa manja awiri, Yotamu anasendeza pakamwa pake kukhutu kwanga.

"Layisoni, ukagwanso dala ine sindidzabweranso kuno. Chonde."

Kunena zoona, akanaleka kubwera bwenzi mavuto athu onse atatha, ndipo ndinayenera kugwa pompo. Koma mwana wa a kapitawo kunena chonde kwa ine, maso ali jenga ndi misozi, zinandisokoneza mutu.

Tinayamba kuzungulirana. Anandipeza pakhutu ndi nkhonya yeniyeni, m'mutu munalira ngati belu la ku fakitale, ndipo mapazi anga anaiwala zonse zimene mayi ananena. Anangochita zimene anaphunzitsidwa. Ndinazinda yachiwiri, ndinalowa mkati, dzanja lamanja linapita lokha. Ndinangomva kuti kho. Yotamu anakhala pansi atagwira pakamwa, ndipo atachotsa dzanja magazi anatsikira pa malaya a mabatani aja. Dzino lakutsogolo linali pafumbi, loyera, laling'ono kuposa mmene ndinkaganizira kuti mano amakhalira.

Ndinabwerera m'mbuyo manja kumsana monga mwa lamulo, koma mkodzo unali utatsika kale m'miyendo. Sindichita nazo manyazi kunena. Anzanga anayamba kusendera kukhomo mmodzimmodzi, ngati kuti tsoka limapatsirana, ndipo posakhalitsa m'chigafa tinatsala atatu.

Kukhwawa ndinamutsuka Yotamu, madzi akufiira n'kuyeranso. Chodabwitsa n'chakuti mwini dzinoyo sanali wokwiya. Ankalowetsa lilime pa gwerupo n'kumamwetulira ndi mlomo wotupawo, ati nkhonya ija sanaione n'komwe kumene yachokera. Atandiona mmene ndinalili anandinong'oneza kuti akanena kuti wagwa mumtengo wa mapeyala, ine ndingothawira kwathu. Mtima wanga unalumpha. Koma nditatembenuka ndinaona a Namakhwa ataima pamtunda, atakavala jekete lawo la pa maliro lija, ndipo ndinadziwa kuti nkhani ya mapeyala yafera pomwepo.

Njira ya kwa a kapitawo inkadutsa pakati pa mizere yonse ya nyumba. Linali Lamulungu, anthu ali m'makonde kuwotha moto. Aliyense anaona malaya ofiira aja, ndipo aliyense anaona amene akuyenda pambali pake. Amayi ena anagwira pakamwa, ena anakokera ana awo m'nyumba. Tinadutsa pakhomo pathu penipeni. Mayi anali akupeta nandolo, lichero linawapulumuka, nandolo n'kumwazika m'matope. A Namakhwa ankabwera m'mbuyo mwathu, patali ndithu, osafulumira.

Nyumba ya a kapitawo inali ya njerwa, ya khonde lozira bwino. Tinawapeza ali pampando akunola mpeni wodulira tiyi. Mayi ake a Yotamu analira mayo n'kumukokera mwana wawo m'nyumba. Ine ndinagwada pabwalo, m'matope momwemo, ndinaomba m'manja, ndipo mawu anga anatuluka ngati a mwanapiye. Ndinati ndabwera kudzaperekeza Yotamu, ndipo amene wamugulula dzino ndine.

Kunola kunaleka. Maso anga sanakwere kupitirira nsapato zawo.

"Ndiwe mwana wa yani?"

Limenelo ndilo funso limene ndinkaliopa mlungu wonse. Kutchula dzina la bambo kunali kuloza ndekha nyumba yathu. Ndisanayankhe ndinamva munthu akugwada pambali panga, mawondo ake akulira.

"Ndi mwana wanga uyu, a kapitawo," anatero a Namakhwa. "Dzanjali ndinaliumba ndine, ndipo ndine ndinamuuza kuti asanamizire. Ngati pali mlandu, khomo lake ndi langa."

A kapitawo anawayang'ana nthawi yaitali. Kenaka anayang'ana ine, kenaka kumsewu kumene anthu anali ataunjikana patali akusuzumira. Anati amva, tizipita. Panalibe kukalipa, ndipo kandodo kaja sikanachoke pamene anakatsamiritsa.

Masiku otsatirawo ndiwo anali oipa kuposa onse. Mayi sanandimenye, ndipo ndikanakonda akanandimenya. Anangoyamba kulongedza mwakachetechete, mbewu m'kathumba, makaka a chinangwa mumtanga, nkhuku osazitsegulira m'mawa kuti zisadzavute kugwira. Anansi analeka kudzapala moto kwathu. Anzanga a kuchigafa akandiona m'njira ankapatuka ngati akukatola nkhuni. Galu akauwa kumtunda, m'nyumba monse tinkaima chilili kumvetsera. Bambo ankapita kuntchito n'kubwerako osayang'ana munthu kumaso. Tsiku lina ndikukatunga madzi ndinawaona ataima ndi a Namakhwa kukhwawa, akuyankhula Chilomwe chapansipansi. Bambo anali atazolika mutu, a Namakhwa akupukusa wawo ngati akukana chinthu chimene akupatsidwa. Bambo atabwera kunyumba ine sindinayerekeze kuwafunsa.

Anabwera m'mawa wina nkhungu isanachoke, amuna angapo ndi zikwanje ndi mitengo yokankhira denga, a kapitawo ali patsogolo. Tinawaona akadali kumtunda kwa mzere. Mayi anabereka wamng'ono, anagwira winayo padzanja, n'kuima pakhomo kudikira. Ine ndinabisala kumbuyo kwawo, ndikusuzumira pansi pa chigongono chawo. Anafika pakhomo pathu. Ndinaona madontho a madzi pa chipewa cha khaki chija. Koma sanatembenuke n'komwe, anapitirira mpaka kumapeto kwa mzere, kufupi ndi khwawa.

Pofika kumeneko, a Namakhwa anali atatulutsa kale katundu wawo, mkeka, kamphika ndi nkhwangwa. Anaima pambali manja kumsana pamene udzu wa denga unkagwa, wakuda ndi mwaye. Ife anyamata tinathamangirako, ndipo mmodzi wa ife anatola mwala. A Namakhwa anangomuyang'ana, mwala n'kugwa wokha. Yotamu analiponso, ataima kuseri kwa nthochi, akulira osabisa ndi gweru lakelo. Ponyamuka a Namakhwa anatipatsa moni aliyense ndi manja awiri, kuyambira wamng'ono, ndipo anamuitana Yotamu kuti naye alandire wake. Kwa ine anangoti tsiku lija ndinaima bwino, koma chigongono chamanzere ndimachitaya, ndizichisamala. Anatiletsa kuwaperekeza. Analowera njira ya ku Luchenza kumene kunkadutsa sitima, ndipo sitinamvenso za iwo.

Nyumba yathu inatsala. Azing'ono anga anakulira momwemo, ndipo mayi anamasula katundu wawo tsiku lomwelo. Kwa zaka zambiri ine ndinkakhulupirira kuti a Namakhwa anawapusitsa a kapitawo, kuti bamboyo anavomeradi zoti ndine mwana wawo. Choncho ndikawaona akubwera ndinkabisala m'tiyi, kuopa kuti angandione ndikulowa m'nyumba ya bambo anga n'kulizindikira bodzalo. Ndinali wamkulu kale, ndili ndi ana angaanga, pamene ndinaona kupusa kwa ganizo limenelo. Munthu amene ankaitana mayina m'mawa uliwonse, wodziwa ngakhale nkhuku za pakhomo lililonse, sakanalephera kudziwa kuti a Namakhwa alibe mwana. Ankandidziwa bwinobwino. Koma anthu onse anali ataona magazi a mwana wawo, ndipo kapitawo wosaopedwa sakhalitsa pa ukapitawo, choncho denga lina linayenera kugwa basi. Pofunsa funso lija ankafunsa kuti ligwe liti, la anthu asanu kapena la munthu mmodzi, ndipo a Namakhwa anayankha ine ndisanatsegule pakamwa.